Nyundo Yanga pa Khoma la Gelevazio

Bokosi la Gelevazio Mwale ndinakhoma ndine. Kuno kwathu kwa Mavwere mmisiri wa matabwa wakale ndatsala ndekha. Uthenga wa imfa yake unandipeza m'mawa, ndipo dzuwa lisanafike pamutu ndinali nditapala matabwa onse. Sindinapite kukamuyeza. Munthu amene munaweta naye mbuzi, n'kukangana naye mpaka imvi, utali wake mumaudziwa.

Ndinakhoma ndi nyundo yatsopano ya mpini wa pulasitiki, imene imandipweteka dzanja. Nyundo yanga yeniyeni, imene ndinayamba nayo ntchito, inali pakhoma pabalaza pa malemuyo. Inakhalapo zaka zisanu ndi chimodzi. Pamaliro analankhula anthu ambiri, onse zokoma. Ine sanandipatse mpata. Ndiye ndikulemba.

Anthu ankamutchula kuti a Mwale angolo. Sukulu anasiyira Sitandade 2. Ine ndinafika Sitandade 8 ndipo ndinakhoza. Iye ankasaina ndi chala. Nyumba yake inali yaudzu mpaka atakalamba, pamene ana amene analera anasonkherana n'kumufolerera malata. Yanga ndinafolera ndekha tsitsi lidakali lakuda. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti sanandipose pa chilichonse chimene munthu angachiloze ndi chala.

Ntchito yake inali ngolo ya ng'ombe ziwiri, Bulaki ndi Kapiteni. Ng'ombezo zinkakalamba, zina n'kubwera, koma mayina ankakhala omwewo. Ankanyamula njerwa, mchenga, manyowa, mabelo a fodya, ndi odwala. Sankasunga nthawi. Mukapangana seveni, muziyembekeza naini. Chikwapu ankangochigoneka pamiyendo, ndipo ng'ombe zake zinkayenda ngati zikuperekeza maliro. Tinayambanapo chifukwa cha matabwa a tchalitchi amene anafika nawo Loweruka m'malo mwa Lachitatu. Tinayambanapo chifukwa cha Bulaki amene anadya chimanga changa. Iye akalakwa ankapepesa msanga, ndipo zimenezo zinkandikwiyitsa koposa, chifukwa mkangano unkatha ine ndisanamalize.

Iye ndi mkazi wake Nambewe sanapatsidwe mwana wobereka. Analera a eni ake asanu ndi mmodzi. Ena anali amasiye a m'maesiteti a fodya, ena anabwera nawo a ku ofesi yoona za ana ku boma. Sanali ana ophweka. Wina ankakodza pogona ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Wina ankabisa mbatata pansi pa mphasa mpaka kuwola. Gelevazio sankamenya. Ankati mwanayo adzasiya yekha tsiku limene adzakhulupirire kuti chakudya cha mawa chilipo.

Anali ndi zonena zake zimene ankabwereza mpaka kutopetsa. Ankati mwana wa mimba ina savuta ali wamng'ono, poti wamng'ono umamupatsa phala n'kumufunditsa. Amavuta tsiku limene anthu ayamba kumuuza kuti wakula. Wobadwira pamudzi akamva mawu amenewo amadziwa kuti akupatsidwa munda kwa amayi ake. Wa mimba ina amamva kuti akupatsidwa msewu. Ankatinso mnyamata sangakuuze za mumtima ukumuyang'ana m'maso, koma mukhale pambalipambali, nonse maso kutsogolo, manja ali ndi chochita.

Ine ndinkamuyankha kuti zimenezo ndi nzeru za munthu amene amatha tsiku akuyang'ana michira ya ng'ombe. Ankaseka, n'kunena kuti ndalasa.

Chizolowezi chake chimene chinkandinyansa kwambiri chinali kupempha misomali. Akamadutsa pa shedi yanga ankaimitsa ng'ombe n'kuyamba kupalasa utuchi ndi phazi.

"A Phiri, kulibe kamsomali kopindika?"

"Kugolosale kuli yowongoka."

"Yowongokayo ndi ya anthu ophunzira. Ine ndipatseni yotaya."

Tsiku lina anapempha thabwa, chidutswa cha mlombwa chotsala pa chitseko. Ndinamupatsa kuti achoke. Ntchito yake ndinaidziwa patapita zaka, nditalowa m'nyumba mwake kukazonda Nambewe akudwala. Thabwa langa linali pakhoma pabalaza. Misomali yanga inali itawongoledwa n'kukhomedwa pamzere. Pa msomali uliwonse panali chinthu: juzi ya sukulu, mpango, nsapato za mpira zomangidwa zingwe, kawailesi kakufa.

"Mwatsegula kaunjika?" ndinafunsa.

Anandifotokozera. Mwana aliyense akamachoka panyumba pake kukayamba moyo wake, ankaloledwa kutenga zonse kupatula chinthu chimodzi. Ankasankha mwini wake, koma chinkayenera kukhala chimene chikumupweteka kusiya. Anati achinyamata amenewa zikawavuta sabwera kudzanena kuti zandivuta, chifukwa amaona ngati anadya kale zokwanira za eni. Amafera kumene aliko. Koma amene anasiya juzi amatha kugogoda n'kunena kuti ndadzatenga juzi yanga.

"Ndiye mumawapatsa?"

"Ayi. Nambewe amati yangochapidwa kumene, sinaume. Gona, utenga mawa. Mawa tikwera ngolo."

Ndinaseka mpaka Nambewe anadzuka pamphasa. Ndikulemba izi kuti mudziwe kuti ndinauzidwa nthawi ilipo.

Tsopano za Maliko. Makolo ake anali matenanti pa esiteti ina ya fodya, ochokera ku Mulanje. Anamwalira chaka chimodzi, mayi m'dzinja, bambo fodya ali m'zigafa. Mwanayo anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Kwawo sankakudziwa, ankangoti kuli phiri. Nkhani inafika ku mphakati wathu wa tchalitchi. Atafunsa amene angamutenge, ndinaona dzanja la Gelevazio likuyamba kukwera, ndipo ndinakweza langa msanga. Ndinene zoona. Ana anga aakazi atatu anali atakwatiwa, chipinda chinalipo, koma chimene chinakweza dzanja langa ndi dzanja lakelo. Ndinkafuna anthu aone mmene mwana amaleredwera m'nyumba ya malata.

Ndipo ndinamulera. A ku boma anabwera ndi pepala, ndinasaina ndi cholembera. Pepalalo linkati mpaka zaka 18, ine ndinapitirira ndi chaka. Sanagonepo ndi njala. Sanayendepo wopanda nsapato. Fomu 4 anafika. Ntchito ya matabwa ndinamuphunzitsa, ndipo dzanja lake linali labwino kuposa langa pa msinkhu umenewo, ngakhale sindinamuuze. Ankanditchula atate.

Atakwanitsa zaka 19 ndinamupezera malo kwa mmisiri wina ku Waliranji, ndi kachipinda kolipira. Ndinamukhomera bedi, tebulo ndi mipando iwiri. Mkazi wanga Nabanda anamulongedzera mapoto, mbale, mabulangete, ndi zovala zonse mpaka kabudula amene anabwera naye kuchokera ku esiteti. Pomaliza ndinamupatsa nyundo yanga ya mpini wa muwanga. Ana anga obereka sindinawapatsepo chinthu chotere.

Katunduyo ananyamula ndi Gelevazio. Atamaliza kukweza anasuzumira m'chipinda.

"A Phiri, mwasesa zonse?"

"Zonse. Mwana wanga sachoka ngati wothawa."

"Muloleni asiyeko kanthu. Ngakhale bulangete lakale lija."

"Kuno si kaunjika."

Anayang'ana Maliko amene ankamanga chingwe pa ngolo, kenako anayang'ana ine. "Chabwino, mwini nyumba wanena."

Sabata yomweyo ndinamaliza kuthothola mtedza, ndipo chipinda chopanda munthucho ndinachidzaza matumba. Mtedza umafuna pouma. Sindinaone cholakwa.

Maliko anabwera Lamlungu lachitatu. Anatipatsa moni, n'kupita kukatsegula chitseko chake monga ankachitira masiku onse. Matumba anali mpaka kudenga. Anatseka pang'onopang'ono. Anadya nafe. Nabanda anati agone pabalaza, iye anati mawa kuli ntchito. Potuluka anati, "Tsalani bwino, a Phiri." Ndinaganiza kuti ndi ulemu wa munthu amene wakula.

Patapita miyezi iwiri mmisiri uja anatumiza mawu kuti mnyamata wanga wasiya kubwera kuntchito. Ndinakwera njinga. Ndinamupeza masana dzuwa likuswa mtengo, atagona, chitseko ndi zenera zili zotseka. Anali atawonda. Tsitsi linali losapesa. Ndinanunkhiza m'chipindamo kufuna fungo la chamba kapena mowa. Munalibe. Nyundo inali pansi pa bedi.

"Ukudwala?"

"Ayi."

"Nanga?"

"Sindikudziwa. Ndimangomva kutopa. Ndikadzuka sindidziwa kuti ndadzukiranji."

Ndinamuuza kuti mwamuna sagona masana. Ndinamuuza kuti sindinamudyetse zaka khumi ndi chimodzi kuti adzandichititse manyazi kwa mmisiri mnzanga. Ndinamukumbutsa kuti anzake a pa esiteti akuweta ng'ombe za eni. Anamvetsera atakhala m'mphepete mwa bedi limene ndinamukhomera.

"Ndamva, a Phiri. Zikomo pa zonse zimene munandichitira."

Ndinabwerera ndili wokhutira kuti ndamuwongola. Nditamufotokozera Nabanda, anasiya chimene ankachita.

"Wati chiyani? Zikomo pa zonse?"

"Eya. Ulemu adakali nawo."

"Inu bambo ake Rozi, mawu amenewo ndi otsanzika."

Ndinamuuza kuti asiye mantha achikazi. Anamanga chitenje n'kutuluka. Ndinaganiza kuti wapita kumjigo. Anapita kwa Gelevazio.

Zimene zinachitika mawa lake ndinazimva zonse pamaliro, pakamwa pa Maliko mwini wake, ataimirira kulankhula m'malo mwa ana. Ine ndinali pa benchi lachiwiri.

Anati Gelevazio anafika pakhomo pake m'mawa ndi ngolo yodzaza njerwa za mphunzitsi wina amene ankamanga kuseri kwa Waliranji. Anagogoda n'kunena kuti dzanja lake latupa, sangagwire chingwe, ndiye amuthandize. Dzanjalo linalibe kanthu. Maliko anakana kawiri. Gelevazio anakhala pakhonde n'kunena kuti basi njerwazo zigona pomwepo, ndipo ng'ombe zidya maluwa a mwini nyumba. Maliko anakwera.

Anayenda mtunda wautali osamufunsa kalikonse. Ankangokamba za chiboda cha Kapiteni ndi mtengo wa mphira wa matayala. Atawoloka dambo, Maliko anafunsa yekha.

"A Mwale, munthu ngati ine akafa amaikidwa kuti?"

Ine ndikanamukalipira kuti asalankhule zoitana tsoka. Gelevazio sanachotse maso pa ng'ombe.

"Ukufunsa chifukwa waganiza zodzipha?"

Maliko anauza anthu pamaliropo kuti funso limenelo linali ngati munthu wamutula katundu pamutu. Anayankha kuti eya. Gelevazio anamufunsa kuti kuyambira liti, ndipo ngati pali chimene wakonza kale. Anamvetsera zonse mpaka mnyamatayo analira n'kutonthola. Kenako anati:

"Manda ako ali pambali pa anga. Ndikawauza adzukulu okumba manda kuti asiye malo. Koma ndiyamba ndine. Ngakhale kuchigayo sadumphana pamzere."

Atatero anatembenuza ng'ombe, njerwa zili momwemo, n'kulunjika kuchipatala. Anakhala naye pa benchi, analowa naye kwa adokotala, ndipo mawu oyamba anayankhula ndi iye m'malo mwa Maliko. Achipatala anacheza naye nthawi yaitali. Anamutumiza ku boma kwa munthu wodziwa za matenda a maganizo, n'kumuuza kuti azibwera pakapita masabata awiri aliwonse. Ulendo uliwonse Gelevazio ankamuperekeza pa minibasi, ngolo ili chigonere pakhomo. Njerwa za mphunzitsi zinafika patatha masiku atatu, ndipo sanamutumenso.

Maliko anamaliza ndi kunena kuti, "Atate asunga lonjezo, ayamba iwo. Ine sindikufulumira. Ndili ndi mkazi ndi mwana." Azimayi analira. Atate amene ankanenawo sanali ine. Za chipinda cha mtedza sanatchule, dzina langanso sanatchule. Akanatchula bwenzi zili bwino, ndikanakhala ndi choyankha. Anandiphimba pamaso pa anthu, ndipo ndinadziwa amene anamuphunzitsa kutero.

Mbali imene Maliko sanaione ndi iyi. Tsiku lomwelo la njerwa, dzuwa litapendeka, Gelevazio anafika pa shedi yanga wapansi, atanyamula thumba. Munali mabotolo a mankhwala opopera fodya ndi othira m'chimanga.

"A Phiri, ndisungireni izi m'bokosi lanu la zida. Mutseke ndi loko."

"Kwanu malo atha?"

"Kwathu kuli mlendo. Maliko."

Ndinaika pansi chimene ndinagwira. "Mwana wanga akutani kwanu?"

"Wagona. Wadyako pang'ono."

"Kwawo sakukudziwa?"

"Akukudziwa. Anapezako mtedza."

Pamenepo ndinamutukwana. Ndinati ndi wakuba ana, kuti chifukwa choti analephera kubereka amatola a eni ngati nkhuni. Ndinati wakhala akudikira tsiku limeneli zaka khumi ndi chimodzi chifukwa ndinamulanda mwanayo ku mphakati. Ndinati pepala la boma lili ndi dzina langa. Za kubereka zija sindinayenera kunena. Anaima mpaka mawu atandithera.

"Iwe Lukasi."

Sanandiitanepo dzina limenelo chikwatirireni.

"Mwanayo lero wandifunsa za manda ake. Pepala lako likuti chiyani pamenepo? Tenga mabotolowa, utseke, makiyi uziyenda nawo m'thumba. Ndiyo ntchito yako mwezi uno. Ukafuna kumuona bwera, koma pakamwa pako usiye kunyumba."

Ndinatenga mabotolowo ndipo ndinatseka. Kukamuona sindinapite. M'mawa mwake ndinatulutsa matumba onse a mtedza m'chipinda muja, ndekha, osaitana munthu. Nabanda anasesa n'kukolopa. Ndinakhoma bedi lina. Ndinamuletsa Nabanda kuuza aliyense. Ndinkafuna mnyamatayo abwere yekha adzaone.

Anakhala kwa Gelevazio miyezi isanu ndi itatu. Kuchoka pakhomo panga kufika kumeneko mwana wokwawa akhoza kufika. Ndinkawaona m'mawa uliwonse akudutsa pa ngolo, atakhala pambalipambali. Poyamba Maliko ankangozyolika. Kenako anayamba kugwira chingwe. Masaya anabwerera. Sikuti zinkangoyenda bwino, panali masabata amene sankaoneka, ndipo Gelevazio ankadutsa yekha atakwinya nkhope, n'kubwerera msanga. Tsiku lina ndikupala thabwa ndinamva mnyamata akuseka kumsewu. Ndinadziwa kuseka kwakeko. Ndinathokoza Mulungu, ndipo nthawi yomweyo ndinafuna kuti gudumu la ngoloyo ligwere m'dzenje. Zonse ziwiri zinali mumtima umodzi.

Chilimwe chimenecho Gelevazio anapemphanso timatabwa tiwiri. Anati iye ndi Maliko anapita ku esiteti kuja, anafunsa matenanti akale mpaka anapeza manda a makolo ake, ndipo analambula. Mnyamatayo ankafuna kukhoma mitanda. Zaka khumi ndi chimodzi sindinaganizepo zopita naye kumeneko. Ndinkaona ngati kumukumbutsa n'kumuliritsa. Ndinapereka mlombwa wabwino, osati zotsala.

Maliko atachira mokwanira kubwerera ku Waliranji, Gelevazio anaimitsa ng'ombe pa shedi yanga n'kupalasa utuchi ndi phazi.

"A Phiri, kulibe kamsomali kopindika?"

Ndinadziwa ntchito yake. Ndinamupatsa. Patapita sabata ndinapeza chifukwa cholowera m'nyumba mwake. Pa msomali wachisanu ndi chiwiri panali nyundo yanga.

"Nyundo imeneyo mundibwezere."

"Si yanu, munapereka. Si yanganso, ndikungosunga."

"Bwanji sanasiye malaya ngati anzake?"

"Ndinamuuza kuti asiye chimene chikumupweteka kusiya. Wasankha yekha. Inu ophunzira, werengani pamenepo."

Ndinawerenga. Koma khomalo linali lake.

M'zaka zisanu ndi chimodzi zimenezo Maliko anabwera kudzatenga nyundo katatu. Koyamba mmisiri uja atatseka shedi. Kachiwiri mtsikana wina atamukana chifukwa makolo ake anati sangapereke mwana kwa munthu wopanda mudzi. Kachitatu sindikudziwa chifukwa chake. Nyundo sichapidwa, ndiye Nambewe ankati mpini wagwedera, a Mwale aukonza mawa. Ankagona masiku awiri kapena sabata, n'kubwerera wopanda nyundo. Atapeza mkazi, nkhoswe yake anali Gelevazio. Ine anandipatsa mpando wakutsogolo ndi mbale yanyama yambiri. Kwathu ankabwera ndithu, ndi shuga wa Nabanda. Ankakhala pakhonde. M'nyumba sankalowa.

Gelevazio sanandinyadirepo pa zimenezi. Ndinadikira zaka zonsezo kuti tsiku lina anene kuti ndinakuuza, kuti ndimuyankhe. Wafa osanena.

Titasesa maliro, Nambewe anaitana ana onse pabalaza. Miyendo yake yatha, ndipo Esinati, mwana woyamba amene analera, anati amutenga akakhale naye kwa Dambe. Ine ndinali panja, ndinabwera kudzatenga mabenchi anga amene ndinabwereketsa pamaliro.

"Tengani zanu, ana anga," anatero Nambewe. "Nyumba itsekedwa. Zonse zauma tsopano."

Anatuluka mmodzimmodzi. Bambo wandevu wa ana anayi anatuluka atakumbatira juzi imene singalowe ngakhale dzanja lake limodzi. Maliko anatuluka pomaliza. Anaima pabwalo akutembenuza nyundo m'manja.

"Uipititsa ku Waliranji?" ndinafunsa.

"Kaya, a Phiri. Kumeneko ndili nazo ziwiri."

Anayang'ana chitseko cha nyumbayo, n'kuyang'ana msewu. Nkhope imeneyo ndinaiona kale, tsiku limene anatseka chitseko cha mtedza. Ndinali ndi choti ndimuuze, koma sindikanatha chifukwa ankandiyang'ana.

"Benchili ndi lolemera," ndinatero. "Msana wanga watha. Gwira kumbuyoko."

Msana unalibe kanthu. Analowetsa nyundo mu lamba n'kugwira. Ine ndinali kutsogolo, maso kunjira.

"Mtedza uja ndinachotsa. Chaka chomwe chija."

"Amayi Nabanda anandiuza."

"Nanga bwanji sunalowe?"

Anakweza mbali yake ya benchi.

"Ndinkadikira kuti mundiuze inuyo."

Titafika ndinamutsogolera m'nyumba, ndipo chitsekocho anatsegula yekha. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana bedi. Ndinapita ku shedi, ndinabwera ndi msomali wowongoka wa mainchesi sikisi. Anaukhoma pafelemu ya zenera ndi nyundo yomweyo, katatu basi, monga ndinamuphunzitsira, n'kuipachika.

"Ndidzaitenga ndikadzabweranso," anatero.

Sananditchule atate. Sananenenso a Phiri.

Nyundo yanga yabwerera kwathu, koma inabwera ndi bodza la msana limene ndinabera kwa munthu wosaina ndi chala. Ngakhale chimenecho ndi chake.

Makiyi a nyumba yake Nambewe anasiyira ine. Ng'ombe anatenga mmodzi wa anawo. Khola lamera bonongwe. Ngolo ili pansi pa mtengo wa mango, matayala akuphwa, ndipo goli latsamira khoma pamene analisiya yekha. Ndimatsegula kamodzi pa sabata kuona chiswe. Pabalaza palibe mpando, palibe mphasa. Pakhoma patsala thabwa langa la mlombwa ndi misomali isanu ndi iwiri, uliwonse ndi kapindiko kake pamene anauwongola pamwala. Pansi pa msomali uliwonse khoma ndi loyera kuposa pena, ndipo mukhoza kuona pamene panali juzi, pamene panali nsapato, pamene panali mpini wa nyundo. Thabwalo ndi labwino, likhoza kutuluka kampando. Sindinalizule.

Maliko wabwerako kawiri chiikireni maliro, ndipo wagona m'chipinda chake. Maulendo onse awiri wa kabaza anamutsitsira pa nyumba yotsekayo. Amakhala pakhonde pake kaye, pamalo pamene palibe munthu, maso ali ku ngolo. Ine ndimakhala pa shedi, thabwa lili m'manja, ndikumuona. Sindimuitana. Ndimadikira kuti amalize.